Eyakoni ya Galimoto Yakale Yasiya Kuzizira? Yambani Mwatsatira Magetsi Musanathiritse Gasi

Eyakoni ikasiya kuzizira, mawu oyamba amene aliyense amakuuzani ndi akuti "gasi watha." Nthawi zina zimakhala zoona. Koma ndaonapo anthu akuthiritsa gasi kawiri katatu, ena mpaka kugula kompresa ina, chonsecho vuto lili fyuzi yakupsa, relay (kaswitchi kotsekedwa ndi magetsi) yotopa kapena waya wa earth (wobweza magetsi ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto) wodyeka ndi dzimbiri. Gasi wa eyakoni satha ngati mafuta a m'thanki. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Magetsi ndiwo amene amavuta kawirikawiri m'galimoto yoti yakhalitsa, ndipo kuwafufuza sikufuna kumasula paipi ngakhale imodzi. N'chifukwa chake ine ndimayambira kumeneko.

Kompresa, pampu imene imakankha gasi m'mapaipi, imayendetsedwa ndi lamba wa injini. Pulley yake imazungulira nthawi zonse injini ikamalira, koma m'kati mwa kompresamo simuyenda chilichonse mpaka klatchi yake itagwira. Klatchi imeneyi ndi ya maginito. Kuseri kwa pulley kuli koyilo, ndipo magetsi akalowa m'koyilomo, kambale kachitsulo kamene kali kutsogolo kamakokedwa n'kumamatira ku pulley. Mumachita kumva kuti khe! Zonse tikambirane apa zagona pa funso limodzi: n'chiyani chikuletsa kambale kameneka kukokedwa?

Njira za magetsi zilipo ziwiri ndipo zimakumana pa relay. Yoyamba ndi ya mphamvu: kuchokera ku batire, kudzera pa fyuzi, pa relay, kukafika ku koyilo ya klatchi, n'kubwerera kudzera mu earth. Yachiwiri ndi ya chilolezo: batani la A/C, switchi ya fani ya m'kati, switchi ya presha, sensa ya kuzizira, ndi kabokosi kowongolera eyakoni kapena kompyuta ya injini. Zonsezi ziyenera kuvomera. Chimodzi chikangokana, relay sitseka. Malangizo awa ndi a kompresa ya klatchi, imene ili m'magalimoto ambiri akale. Ngati kambale ka kutsogolo kwa kompresa yanu kamazungulira nthawi zonse, eyakoni yoyatsa kapena yozimitsa, mwina muli ndi mtundu wina wopanda klatchi, ndipo ngati ndi choncho mbali ya klatchi m'munsimu sikukukhudzani.

Zida ndi chenjezo

Mufunika multimeter (mita yoyezera mavolti ndi ma ohm), tesita ya babu ya mavolti 12, kawaya kodumphitsira kokhala ndi fyuzi ya ma amp 10 pakati, feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), ndi chithunzi cha kayendedwe ka mawaya cha galimoto yanuyo ngati mungachipeze. Kawaya kodumphitsira kopanda fyuzi musakagwiritse ntchito. Mukangolakwitsa bowo limodzi, chimene chipse ndi mawaya a galimoto.

Ikani galimoto pa P kapena pa nyutro, kokani handibuleki, ndipo muzigwirira ntchito pamalo podutsa mphepo. Manja, malaya ndi mawaya a mita zitalikire lamba. Fani ya kutsogolo imatha kuyamba yokha, m'magalimoto ena ngakhale injini itazima. Mawaya ndi mapulagi achikasu nthawi zambiri ndi a airbag, musawakhudzitse tesita. Ndipo musamasule nati iliyonse ya pa mapaipi a eyakoni: gasi akatuluka ndi mphamvu amaumitsa khungu nthawi yomweyo, ndipo akalowa m'maso akhoza kukuchititsani khungu.

Gawo 1: Mvetserani ndi kuyang'ana

Lizani injini, tsegulani boneti, yatsani fani ya m'kati pa liwiro lalikulu, kenako pemphani wina adine batani la A/C inu mukuyang'ana kutsogolo kwa kompresa. Musayang'ane pulley, yang'anani kambale ka pakati.

Ngati kambaleko kagwira, kakuzungulira osaleka, fani ya kutsogolo nayo ikuzungulira, koma mphepo ikubwera yofunda, vuto lanu mwina si la magetsi a kompresa. Gwirani paipi yaikulu yochokera m'kati mwa galimoto kupita ku kompresa. Ikakhala yozizira kwambiri, eyakoni ikugwira ntchito koma kachitseko kosakaniza mphepo ya hita ndi yozizira sikakutseka. Ikakhala yofunda, nkhani ndi ya gasi kapena ya m'kati mwa kompresa.

Ngati m'mavent simukutuluka mphepo n'komwe, kapena ikutuluka pa liwiro limodzi lokha, pitani ku gawo 7. M'magalimoto ambiri kompresa siyamba ngati switchi ya fani ya m'kati ili pa 0, choncho vuto la faniyo limatha kuoneka ngati la kompresa.

Ngati ikuzizira mukamathamanga n'kumafunda mukaima, pitani ku gawo 6.

Ngati kambale kali zii, pitirizani kuwerenga. Onaninso kagetsi ka pa batani. Kakayaka sizitanthauza kuti kompresa yalandira magetsi, kakungonena kuti batani lamva. M'magalimoto ambiri akale a Toyota kagetsika kamaphethira ngati liwiro la kompresa silikugwirizana ndi la injini, ndipo apo muyambe mwaona ngati lamba akuterereka, ngati kompresa yalimba, kapena ngati klatchi sikugwira.

Gawo 2: Batire ndi alternator

Apa musachedwepo. Injini itazima, batire labwino limawerenga mavolti pafupifupi 12.6. Injini ikulira, liyenera kuwerenga pakati pa 13.5 ndi 14.7. Yatsani magetsi akutsogolo ndi fani ya m'kati, muone ngati nambalayo ikugwa kufika pansi pa 13. Ikagwa chotero, konzani za alternator (imene imachaja batire) ndi mitu ya batire kaye, chifukwa klatchi yolandira magetsi ochepa imaterereka, n'kutentha, n'kupsa.

Gawo 3: Mafyuzi

Mabokosi a fyuzi nthawi zambiri amakhala awiri, lina pansi pa boneti, lina pansi pa dashibodi. Eyakoni imadya kuchokera ku mafyuzi angapo, ndipo mayina ake pa chivundikiro amasiyanasiyana: A/C, MG CLT, COMP, HTR, BLOWER, COND FAN. Ina imatha kukhala yogawana ndi zinthu zina monga mamita a pa dashibodi, choncho ndi bwino kungoyesa onse.

Musadalire maso okha. Tembenuzani kiyi afike pa ON, kanikizani chopanira cha tesita pachitsulo choyera cha bodi, kenako khudzani tizitsulo tiwiri timene timaonekera pamsana pa fyuzi iliyonse. Babu iyake mbali zonse ziwiri. Ikayaka mbali imodzi yokha, fyuziyo yapsa. Ikapanda kuyaka mbali zonse, moto sukufika n'komwe pa fyuziyo, ndipo mwina nthambi imeneyo imadzuka pokhapokha china chikayatsidwa.

Bwezerani fyuzi ya mlingo womwewo. Mitundu yake imathandiza: yofiira ndi ma amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Fyuzi yatsopano ikapsanso mukangodina batani la A/C, lekani kuwononga mafyuzi, ndipo chonde musaike yaikulu kapena kukulunga kawaya. Pali shoti. Zulani pulagi ya pa kompresa, ikani fyuzi ina, dinaninso batani. Ikapanda kupsa, shoti ili m'koyilo ya klatchi. Ikapsabe, waya wakhuzuka penapake n'kukhudza chitsulo, kapena diode (kachida kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) imene magalimoto ena amaika pa mawaya a klatchi yafa. Tsatirani waya ameneyo ndi zala, makamaka pamene wadutsa pafupi ndi ekizozi, ndi lamba, kapena pa ngodya ya chitsulo.

Gawo 4: Relay, pamene ntchito imagawika pakati

Pano ndi pamene ndimafuna munthu adekhe, chifukwa mphindi zisanu pa soketi ya relay zimakuuzani mbali imene vuto lili, ndipo theka la galimoto mumalisiya osalikhudza.

Yambani ndi chapafupi. M'bokosi la fyuzi mumakhala ma relay ofanana. Pezani ina yokhala ndi nambala yofanana ndendende ndi ya eyakoni, kawirikawiri ya hutala, musinthanitse. Eyakoni ikadzuka hutala n'kufa, mwapeza. Koma musakhulupirire relay chifukwa choti ikulira. Kulirako ndi kwa koyilo yake yaing'ono, pamene timilomo ta m'kati timene timadutsitsa mphamvu tikhoza kukhala topserera.

Kusinthanitsa kukapanda kuthandiza, zulani relay muone pansi pake. Miyendo 85 ndi 86 ndi ya koyilo, ndiyo njira ya chilolezo ija. Miyendo 30 ndi 87 ndi ya mphamvu. Ma relay ang'onoang'ono ena amalemba 1 ndi 2 m'malo mwa 85 ndi 86, ndipo 3 ndi 5 m'malo mwa 30 ndi 87. Chithunzi chimakhala chojambulidwa m'mbali mwake. Kumbukirani kuti mukatembenuza relay, miyendo imaoneka mosemphana ndi mabowo a soketi. Ambiri amalakwitsa apa. Pakati pa 85 ndi 86 mita iwerenge ma ohm apakati pa 50 ndi 120.

Tsopano soketi. Kiyi ali pa ON, injini yozima. Bowo limodzi mwa awiri a mphamvu liyenera kukhala ndi mavolti 12. Ngati mulibe, bwererani ku fyuzi ndi waya wochokera kumeneko. Ngati alimo, tengani kawaya kanu ka fyuzi kaja mulumikize bowo la 30 ndi la 87. Injini ikhale yozima ndithu, kuti kompresa isazungulire. Mvetserani.

Mukamva khe! mbali ya mphamvu ili moyo: fyuzi, waya, koyilo, earth. Vuto lili ku chilolezo kapena pa relay yeniyeniyo. Mukapanda kumva kanthu, vuto lili pakati pa soketi ndi kompresa.

Kuti mutsimikize za chilolezo, chotsani kawayako, ikani mita pakati pa mabowo a 85 ndi 86, lizani injini, yatsani fani ndi A/C. Mita ikawerenga mavolti a batire, lamulo likufika ndipo relay ndiyo yolakwa, kapena mabowo a soketi akula moti sakuluma miyendo. Ikapanda kuwerenga, china chake chikukana. Apa gwiritsani ntchito mita, osati tesita ya babu, chifukwa m'magalimoto ambiri waya mmodzi wa pamenepa amapita ku kompyuta, ndipo ndi kompyutayo imene imapereka earth kuti relay itseke.

Gawo 5a: Ngati klatchi sinalire

Zimitsani kiyi, zulani pulagi ya pa kompresa. Ikani mita pa ma ohm, gundanitsani kaye timawaya take muone nambala imene ikusonyeza, kuti mudzaichotsere pa zimene mupeze. Ngati pulagi ili ndi mawaya awiri a klatchi, yezani pakati pake. Ngati ndi waya mmodzi, yezani pakati pa wayayo ndi bodi ya kompresa. Koyilo yabwino imawerenga ma ohm apakati pa 3 ndi 5. Masamu ake ndi apafupi: mavolti 12 pa ma ohm 4 ndi ma amp 3. Koyilo ikawerenga ohm imodzi kapena kucheperapo, ikoka ma amp 12 kapena kupitirira, ndipo ndiyo ikuotcha fyuzi yanu ya 10. Mita ikalemba OL, koyilo yaduka m'kati. Makompresa ena ali ndi kachida koteteza kutentha pa waya womwewo, komata pa bodi ya kompresa, ndipo kakafa kamaonetsa chimodzimodzi, choncho kayezeni pakokha musanaweruze koyilo.

Koyilo ikakhala bwino, vuto ndi waya kapena earth. Apa mita ikhoza kukunamizani. Mita imakoka magetsi ochepa kwambiri, moti waya woti watsala ndi kaulusi kamodzi ka kopa amawerengabe mavolti 12 pulagi ikakhala yozula. Mukalumikiza klatchi, mavolti aja amathawa. Ndiye yezani katundu ali pamutu: pulagi ikhale yolumikiza, kiyi ali pa ON, relay yodumphitsa, n'kulowetsa kasingano ka mita kumbuyo kwa pulagi. Kusiyana kwa mavolti a pa batire ndi a pa pulagi kusapitirire theka la volti. Kenako yezani pakati pa bodi ya kompresa ndi mutu wa negetivu wa batire. Pasapitirire 0.2. Mukapeza zambiri, masulani waya wa earth wochokera ku injini kupita ku bodi, palani dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mumangenso mwamphamvu.

Njira ina imene ndimaikonda ndi kulumikiza babu ya magetsi akutsogolo ya mawati 55 m'malo mwa klatchi. Imakoka ma amp anayi ndi theka, pafupifupi ngati klatchi yomwe. Ikawala mwamphamvu, waya ali bwino. Ikangofiira ngati khala, pali polumikizira pamene padyeka.

Tsopano mpata wa klatchi, umene anthu ambiri saudziwa. Pakati pa kambale ndi pulley pamakhala kampata kakang'ono, kwa makompresa ambiri pakati pa mamilimita 0.3 ndi 0.8. Zaka zikamapita zitsulo ziwirizi zimadyana ndipo mpata umakula. Koyilo ikatentha mphamvu ya maginito ake imachepa, ndiye imalephera kukoka kambale kamene katalikira. Zizindikiro zake sizisokoneza: m'mawa eyakoni imazizira bwinobwino, pakatha mphindi 15 kapena 20 imaleka, galimoto ikapuma n'kuzizira imayambanso. Yanga inandichita zimenezi chilimwe chathunthu, ndipo kumene ndinapita koyamba anandiuza kuti kompresa yafa ndigule ina. Titayeza, mpata unali utadutsa milimita imodzi.

Kuti muone ngati ndi zimenezo, dikirani ileke. Tsimikizani kuti mavolti akufika pa pulagi, kenako gogodani kambaleko pang'ono ndi nsonga ya ndodo yaitali yamtengo, manja ali kutali ndi lamba. Kakagwira nthawi yomweyo, ndi mpata. Zimitsani injini, yezani ndi feeler gauge m'malo atatu mozungulira. Pa makompresa ambiri mumamasula bawuti ya pakati, kukoka kambale, ndipo kuseri kwake mumapeza timawashala topyapyala. Kuchotsa kamodzi kapena kuika kopyapyala kuposa kamene kalipo kumabweza mpata m'malo mwake. Gasi sakhudzidwa n'komwe. Samalani kuti timawashalato tisagwe, timakonda kumamatira m'kati mwa kambale. Ndipo musachepetse mpata mopitirira, kuopa kuti klatchi ingamakhule ikakhala yozimitsa. Mukamanga, zungulitsani kambale ndi dzanja mumve ngati kakukhudza pulley.

Gawo 5b: Ngati klatchi inalira koma chilolezo sichikufika

Woyamba kumufunsa ndi switchi ya presha. Imakhala pa paipi yaing'ono ya aluminiyamu, pa kabotolo kouma gasi pafupi ndi condenser (chotaya kutentha chimene chili kutsogolo kwa rediyeta), kapena m'magalimoto ena pa kathanki ka paipi yaikulu. Ntchito yake ndi kudula kompresa gasi akachepa kwambiri kapena presha ikakwera mowopsa. Pa magalimoto ambiri a ku Japan imadula presha ikatsika kufika pafupifupi mabar 2, kapena ikakwera kufika cha m'ma 30.

Werengani mawaya ake musanachite kanthu. Ya mawaya awiri ndi switchi wamba. Ya mawaya anayi, awiri ndi a kompresa ndipo awiri enawo ndi oyatsira fani. Ya mawaya atatu kawirikawiri si switchi, ndi sensa yolandira mavolti 5 kuchokera ku kompyuta, n'kumabweza mavolti apakati pa 0.5 ndi 4.5 malinga ndi presha. Imeneyi musaidumphitse ngakhale pang'ono, mungaotche kompyuta.

Pa switchi wamba, zimitsani kiyi, zulani pulagi, yezani ma ohm pa miyendo ya kompresa. Ikawerenga pafupi ndi 0, ndi yotseka ndipo ikuvomera. Ikalemba OL, ikukana, koma musafulumire kuida. Nthawi zambiri switchi yokana imakhala ikunena zoona, gasi wathawadi. Choweruza ndi geji yoyezera presha ya gasi. Injini yozima, kunja kukutentha madigiri 25, gasi wa R134a amawerenga mabar apakati pa 5 ndi 6. Geji ikasonyeza zimenezo switchi n'kumakanabe, switchiyo yafa. Ikasonyeza pansi pa 2, switchi ilibe mlandu, ndipo chofunika ndi kupeza pobooka, kukonza, kupopa mpweya wonse m'mapaipi, n'kuthira gasi wa mlingo wolembedwa pa sitika ya pansi pa boneti. Presha ya injini yozima imangonena kuti gasi alimo, sinena kuti alimo wokwanira.

Sitika imeneyo muiwerenge ndithu ngati galimoto ndi yakale kwambiri. Magalimoto opangidwa chaka cha 1994 chisanafike ambiri anatuluka ndi R12, gasi amene mayiko anagwirizana zosiya pa pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga ozoni. R12 ndi R134a sasakanizidwa, ndipo mafuta ake a kompresa ndi osiyana.

Amakaniko ambiri amadumphitsa pulagi ya switchi ndi kawaya kuti aone ngati kompresa idzuka. Poyesera, kwa masekondi ochepa, n'zotheka. Chimene ndimadana nacho ndi kusiya kawayako pomwepo n'kumuuza mwini galimoto kuti yatheka. Mafuta a kompresa amayenda limodzi ndi gasi. Gasi akachepa mafuta sabwerera, kompresa imauma n'kudzidya, ndipo tizidutswa take timamwazikira m'mapaipi onse. Komanso mwachotsa mlonda wa presha yokwera. Ngati switchi ikufunika kusintha, dziwani kuti zina zimakhala pa valavu yotseka yokha pamene zina mukangomasula gasi yense amatuluka, choncho musaipotokole musanadziwe kuti yanu ndi iti.

Switchi ya presha ikavomera, wotsatira ndi sensa ya kuzizira ya pa evaporator (chida chimene mphepo imadutsamo kuti izizire), kuseri kwa dashibodi, nthawi zambiri pafupi ndi kabokosi ka kutsogolo kwa pasenja. Imadula kompresa kuzizira kukafika pafupifupi madigiri 2 kapena 3, kuti madzi asaundane pa evaporator. Ma ohm ake amakwera ikazizira, amatsika ikafunda. Waya wake akaduka, kabokosi kowongolera kamaona ngati kwazizira koopsa ndipo sikalola kompresa kuyamba. Yezani ma ohm ake, kenako ifumbateni kapena iuzireni mpweya wofunda. Nambala itsike pang'onopang'ono mosadumphadumpha. Sensa yosokonekera kumbali inayo imachititsa zina: pa ulendo wautali madzi amaundana pa evaporator, mphepo imachepa mpaka kutheratu ngakhale fani ikumveka kulira, ndipo mukaima pansi pa galimoto pamachita chithaphwi chachikulu cha madzi osungunuka.

Kompyuta ya injini nayo ili ndi zifukwa zake zokanira. Imadula eyakoni injini ikatentha kwambiri, mukaponda mafuta mpaka pansi, kapena injini ikamalira motsika mofuna kuzima. Sensa ya kutentha kwa madzi a injini ikamanama, eyakoni imafa popanda vuto lake. Ngati kagetsi ka injini kali koyaka pa dashibodi, kawerengetseni kaye pa makina owerengera mavuto a kompyuta. Batani lenilenilo ndi kabokosi kowongolera muziganizire pomaliza. Zimafa, makamaka mtovu wolumikizira ukang'ambika chifukwa cha kutentha ndi kugwedezeka kwa zaka zambiri, koma ndi zodula, ndipo ambiri amene amazisintha poyamba amapeza vuto likadalipo.

Gawo 6: Yozizira poyenda, yofunda poima

Condenser, imene ili kutsogolo kwa rediyeta, imafuna mphepo kuti itaye kutentha. Mukamathamanga mphepo imabwera yokha. Mukaima imadalira fani. Fani ikafa, presha imakwera mpaka switchi kudula kompresa.

M'magalimoto ambiri faniyi imayamba limodzi ndi kompresa, mwa ena imadikira presha ikwere kaye, choncho ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri. Ikapanda kuyamba, onani fyuzi yake ndi relay yake monga tinachitira muja. Kenako zulani pulagi yake muipatse magetsi molunjika kuchokera ku batire, kudzera pa fyuzi ya ma amp 20 kapena 30, zala zili kutali ndi mapiko. Ikazungulira mwamphamvu, mota ili bwino, vuto ndi relay, waya kapena mawaya awiri aja a pa switchi ya presha. Ikafuna kugogodedwa kuti iyambe, mabulashi ake atha. Magalimoto ena akale ali ndi fani yoyendetsedwa ndi injini, ndipo apo chofooka chimakhala klatchi ya faniyo, osati magetsi. Tsukaninso condenser ndi madzi osathamanga kwambiri, chifukwa fumbi, udzu ndi tizilombo zimatseka mphepo.

Gawo 7: Fani ya m'kati

Ikamagwira pa liwiro lalikulu lokha, ndi resistor, kachida kochepetsa magetsi opita ku mota ya fani. Liwiro lalikulu limalambalala resistor, pamene enawo amadutsa mwa iyo. Imamangidwa ndi tisikuluwu tiwiri m'njira ya mphepo pafupi ndi mota ya fani, pansi pa dashibodi, chifukwa mphepoyo ndiyo imaiziziritsa. Musaiyese ili panja polenjekeka, imatentha moti ikhoza kukuotchani kapena kusungunula pulasitiki.

Resistor siipsa popanda chifukwa. Mwina sefa ya mphepo yatsekeka, ngati galimoto yanu ili nayo, kapena masamba adzaza m'fani, kapena mota yalimba ndipo ikukoka magetsi ambiri. Zungulitsani fani ndi chala. Iyenera kupitiriza yokha pang'ono mukaisiya. Ikangoima pomwepo, resistor yatsopano nayonso siikhalitsa. Onaninso pulagi: ikakhala yakuda kapena yosungunuka, isintheni pamodzi.

Ikakana pa liwiro lililonse, kiyi ali pa ON ndi switchi pa liwiro lalikulu, yezani pakati pa mawaya awiri a pulagi ya mota. Mavolti 12 akakhalapo mota osayenda, mota yafa. Akasowa, bwererani ku fyuzi, relay, switchi ndi earth. M'magalimoto ambiri mota imalandira moto nthawi zonse kiyi akakhala pa ON, ndipo switchi imalamulira mbali ya earth, choncho kupeza mavolti 12 pa waya mmodzi sikunathetse nkhani.

Gawo 8: Vuto lobwera n'kumapita, ndi kulumikiza mawaya

Vuto lotere lifufuzeni nthawi imene lilipo. Yendani ndi mita m'galimoto. Ngati silikubwera, siyani eyakoni ikuyenda, muzigwedeza mapulagi ndi mitolo ya mawaya umodziumodzi mukumvetsera klatchi. Pamene idumphe, ndi pomwepo. Tsegulani pulagiyo muone ngati muli dzimbiri lobiriwira, mwendo wobwerera m'mbuyo, kapena bowo lomasuka. Ngati galimoto inaima nthawi yaitali, yang'anani mano a makoswe.

Musanadule waya aliyense, chotsani mutu wa negetivu pa batire. Waya wodyeka dulani mpaka mupeze kopa wowala, chifukwa dzimbiri limayenda m'kati mwa chikopa cha waya. Lumikizani ndi mtovu kapena ndi cholumikizira chofinya, muphimbe ndi kachubu kofota ndi kutentha. Kupota mawaya ndi manja n'kukulunga tepi pafupi ndi injini sikupirira kutentha ndi mafuta. Waya watsopano akhale wonenepa ngati wakaleyo, ndipo mumumangirire kutali ndi lamba ndi ekizozi.

Mukamaliza, chotsani kawaya kalikonse kodumphitsira, bwezerani relay iliyonse m'malo mwake, yesaninso hutala. Tsekani mawindo, ikani mphepo pozungulira m'kati momwemo, lowetsani thermometer mu vent ya pakati, ndipo injini ilire pa ma rpm pafupifupi 1,500 kwa mphindi khumi. Eyakoni yabwino nthawi zambiri imatsitsa mphepo kufika pakati pa madigiri 5 ndi 10, malinga ndi mmene kunja kwatenthera. Klatchi kugwira n'kumasiya mwa apo ndi apo m'kati mukazizira ndi mmene iyenera kuchitira. Koma ikamagwira n'kusiya pa masekondi ochepa alionse mphepo ili yofundabe, mbali ya magetsi mwathana nayo, chatsala ndi kuika mageji pa mapaipi onse awiri injini ikulira.